Kagalimoto Kofiira ka Bambo Athu

Kaya muli kunyumba, kaya muli pa ntchito ya usiku, kaya mwaima pamzere kudikira minibasi, tikupempha kuti mutchere khutu kwa kanthawi kochepa. Lero tikamba za galimoto ya banja. Ena adzati nkhani imeneyi ndi yopepuka, yoyenera kukambidwa ndi anyamata pa garaja. Koma taona mabanja akulimba chifukwa cha galimoto, ndipo taonanso mabanja ena akugwa m'mavuto aakulu chifukwa cha galimoto yomweyo. Chotero tiyeni tiganizire pamodzi, ndipo tiyambira pa zimene tinaziona ndi maso athu pamene tinali achinyamata.

Ife tinakulira ku Cosmo City, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu waukulu wa Malibongwe Drive umene umapita ku bwalo la ndege la Lanseria. Malo amenewa ndi atsopano. Anthu oyamba analowa m'nyumba zawo m'chaka cha 2005, ndipo ambiri mwa iwo anachokera m'zisakasa za ku Zevenfontein ndi ku Riverbend. Cholinga cha omanga chinali chakuti osauka, opezako pang'ono ndi opeza bwino akhale m'dera limodzi. Motero kunamangidwa nyumba zaulere za boma zotchedwa RDP, nyumba zimene boma linkathandizako mtengo wake, ndi nyumba zogulidwa ndi ngongole ya kubanki. Misewu yake inapatsidwa maina a maiko ndi mizinda ya pa dziko lapansi, ndipo waukulu ndi South Africa Drive. Banja lathu linafika kumeneko m'chaka cha 2007, ndipo tinkachita lendi monga amachitira Amalawi ambiri.

Tsono mumvetse bwino, mnzathu, kuti m'dera lotere mwana amaphunzira msanga kusiyanitsa anthu. Mwana wa m'nyumba ya RDP ndi mwana wa m'nyumba ya ngongole ankakhala pa desiki imodzi kusukulu. Yunifolomu inali yofanana. Chimene chinkaulula kusiyana kwawo chinali galimoto imene inaima pabwalo la kwawo, kapena kusowa kwake.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Agogo athu aamuna anabwera ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi pa nthawi ya Wenela, ndipo anabwerera kumudzi m'chaka cha 1974, pamene boma la Malawi linaimitsa ulendo wa ku migodi ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Chuma chimene anabwera nacho chinali njinga, wailesi ndi mabulangete. Njinga imeneyo inanyamula odwala, inanyamula chimanga kupita kuchigayo, inaperekeza akwati. Bambo athu anakula akuiona, ndipo m'mtima mwao munali mawu amodzi: chimene njinga inachitira mudzi wao, tsiku lina galimoto idzachitira banja lao.

Bambo anali kalipentala pa kampani ina ku Kya Sand, ndipo Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba. Kwa zaka zinayi anasunga ndalama pang'onopang'ono, nalowanso chipereganyu ndi anzao a kuntchito. Kumapeto kwa chaka cha 2007 anagula galimoto yakale, Volkswagen Citi Golf yofiira, yopangidwa m'chaka cha 1992. Analipira ndalama zonse tsiku limodzi, ndipo sanatsale ndi ngongole kwa munthu aliyense.

Mwina achinyamata a lero sakuidziwa bwino galimoto imeneyi. Golf yoyamba inatuluka ku Germany m'chaka cha 1974. Azungu atasintha n'kuyamba kupanga ina yatsopano, fakitale ya ku Uitenhage, kumene lero kumatchedwa Kariega, inapitiriza kupanga yakale ija kuti anthu opeza zochepa athe kugula. Inayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Citi Golf m'chaka cha 1984, mu mitundu itatu: yofiira, yachikasu ndi yabuluu. Inapangidwa kwa zaka 25, kufikira 2009, ndipo zonse pamodzi zinapitirira 370,000. Inali ndi anzake. Kunali Toyota Tazz imene inapangidwa ku Durban kuyambira 1996 kufikira 2006. Kunali Fiat Uno, Mazda 323, Opel Corsa Lite, ndiponso kabaki ka Nissan 1400 kamene kanasiya kupangidwa m'chaka cha 2008. Timagalimoto timeneti tinkamwa mafuta ochepa, zipangizo zake zinkapezeka paliponse, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo ankatha kutikonza. Ndi timeneti timene tinaphunzitsa mabanja ambiri a anthu akuda kukhala ndi galimoto kwa nthawi yoyamba.

Tsiku limene kagalimoto kathu kanafika sitidzaliiwala. Bambo anaimba hutala kuyambira pa ngodya ya msewu. Amayi anatuluka ndi chitenje m'manja nalulutira monga pa ukwati. Ife ana, amene tinali anayi, tinalimbirana kukhala pa mpando wa kutsogolo ngakhale galimoto inali itaima. Usiku umenewo Bambo anadzuka kawiri kukasuzumira pa zenera.

Koma kagalimoto kameneka kanali ndi makhalidwe ake. Chitseko cha kumbuyo chakumanzere chinkatseguka ndi kunja kokha. Galasi la mbali ya Amayi likatsika silinkafuna kukweranso, kufikira munthu atalikoka ndi manja awiri. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Johannesburg chimayeretsa udzu, batire inkafooka, ndipo ntchito yathu yoyamba m'mamawa inali kukankha. Bambo ankakhala pa chiwongolero, naika giya yachiwiri, ife n'kumakankha ndi manja ozizira mpaka injini italira. Loweruka masana tinkakatsuka ndi ndowa ziwiri za madzi. Lamulungu kankatinyamula tonse asanu ndi mmodzi, ndipo nthawi zambiri pankapezekanso malo a mayi wina wokalamba wa pa nyumba yoyandikana nafe.

Tsopano tifike pa chinthu chimene timachita nacho manyazi kufikira lero. Chisangalalo chathu chinatha chaka chimodzi chisanakwane. Tinayamba kuona kuti pa chipata cha sukulu pankaima magalimoto atsopano, onyezimira, a magalasi otsika ndi batani. Anzathu anayamba kutiseka. Ankati galimoto ya kwathu imadya phala la ana m'mawa isanayende, potanthauza kukankha kuja. Tsiku lina kukugwa mvula, Bambo anatipatsa ulendo wa kusukulu. Titatsala pang'ono kufika, mkulu wathu anati, "Bambo, mutitsitsire pompano, kotsalaku tiyenda pansi."

Bambo anayang'ana mvula, natiyang'ana ife pa galasi. Anafunsa kuti, "Ana inu, mvula yonseyi?"

Palibe anayankha. Iwo anaimitsa galimoto pambali, natuluka, nazungulira kudzatitsegulira chitseko chovuta chija. Sanakalipe ndipo sananene kanthu kena. Tinafika m'kalasi titanyowa, ndipo tinkaganiza kuti tapulumuka. Kuyambira tsiku limenelo sanatifunsenso ngati tikufuna kuperekezedwa.

Mnzathu womvera, taganizirani. Munthu anadzimana nyama, anadzimana nsapato zatsopano kwa zaka zinayi, ndipo ana ake omwe anakana kuoneka naye pa chipata cha sukulu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi umenewu tinkaudziwa pamtima, koma sitinadziwe kuti ukunena za ife.

M'mwezi wa May chaka cha 2008, ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinabuka ku Alexandra ndipo zinafalikira m'madera ambiri. Anthu 62 anaphedwa, ndipo zikwi zambiri anathawa m'nyumba zao. Usiku wina foni ya Bambo inalira. Anali msuweni wao amene ankakhala m'zisakasa kutsidya lina la mzinda, ndi mkazi wake ndi khanda la miyezi itatu. Panalibe minibasi imene ikanapita kumeneko pa ora limenelo, ndipo mlendo sakanayerekeza kuima pa msewu kudikira. Amayi anati, "Bambo a ana, mukapita mudzabwerako?" Bambo anayankha kuti, "Ndikapanda kupita, ndidzawayang'ana bwanji anthu akwathu?" Batire inakana monga mwa chizolowezi chake, ndipo ife tinakankha mumdima, osalankhula. Anabwerako m'bandakucha ali ndi anthu atatu ndi chikwama chimodzi. Mkulu wathu, yemwe uja anapempha kutsikira panjira, ndiye anathamanga kukatsegula chitseko chakumanzere kuti mayi wa khanda atuluke. Banja limenelo linagona m'chipinda chathu kwa milungu itatu.

M'mwezi wa December chaka cha 2009, chaka chimene fakitale inaleka kupanga Citi Golf, Bambo anati tipite kumudzi pa galimoto yathu. Ndi ulendo wa makilomita oposa 1,700. Tinadzera msewu wa N1 kufika ku Musina, tinagona pa mzere pa chipata cha Beitbridge, tinadutsa Masvingo ndi Harare mpaka ku Nyamapanda. Ku Tete kutentha kunali koopsa, ndipo injini inawira titangowoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Tinakhala pansi pa mtengo wa mlambe kudikira kuti izizire, Bambo akuthira madzi pang'onopang'ono. Tinalowa m'Malawi pa Mwanza tsiku lachitatu, n'kudzera pa Zalewa kupita ku Ntcheu. Titafika, Agogo anatuluka ndi ndodo yao, nazungulira kagalimoto kaja, nakagwira ndi dzanja. Kenaka anati kwa Bambo, "Mwana wanga, wakwanitsa." Pa milungu iwiri imene tinakhala kumudzi, kanapita kuchipatala kanayi ndi odwala a m'mudzimo, ndipo kananyamula matumba a feteleza a mabanja atatu.

Tinene chilungamo apa. Pa ulendo umenewo tinapanikizana anayi kumbuyo, pa mpando wa anthu atatu, ndipo palibe anamanga lamba. Tinafika bwino, koma sikuti tinachita mwanzeru. M'misewu ya South Africa mumafa anthu oposa 10,000 chaka chilichonse, ndipo nyengo ya Khirisimasi ndi imodzi mwa nyengo zoopsa kwambiri. Kuyambira 2015 lamulo limafuna kuti mwana wosakwana zaka zitatu akhale pa mpando wake wapadera. Tikamakumbukira zakale mokondwera, tisatengere ndi zolakwa zake zomwe.

M'chaka cha 2012 mlongo wathu anakhoza mayeso a matiriki ndipo anapeza malo ku koleji yophunzitsa unamwino. Ndalama yolipirira panalibe. Loweruka lina Bambo anatsuka kagalimoto kaja okha, osatiitana. Madzulo kunabwera munthu wina ndi mnzake, ndipo anakatenga. Lolemba Bambo anadzuka 4 koloko kukaima pa mzere wa minibasi monga kale. Mmodzi wa ife anawafunsa ngati sizikuwapweteka. Anati, "Galimoto ndinaigula kuti inyamule banja. Tsopano yamunyamula mlongo wanu kupita kusukulu. Yagwira ntchito yake." Lero mlongo wathuyo ndi namwino.

Tikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, koma phunziro silinatilowe tonse. M'chaka cha 2019 mmodzi wa ife anapeza ntchito yabwino. Chilonda cha pa chipata cha sukulu chinali chisanapole, ndipo analumbira kuti iye sadzasekedwanso. Anagula galimoto yatsopano pa ngongole ya miyezi 72, zimene ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kuti ndalama ya pamwezi ichepe, anavomera kuti gawo lalikulu la mtengo lidzalipidwe kamodzi kumapeto. Bambo anamufunsa funso limodzi lokha: "Ntchito ikatha, galimotoyi ndi ya yani?" Iye anaseka. Kumapeto kwa March chaka cha 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo patapita miyezi yochepa ntchito inathadi. Galimoto inabwezedwa, inagulitsidwa pa mtengo wotsika, ndipo ndalama imene inaperewera inatsala pa mutu pake. Kwa zaka zitatu analipira galimoto imene sankaiyendetsa, akukwera minibasi pa mzere womwewo ndi Bambo.

Tsono tiphunzirepo chiyani, mnzathu? Tikupatsani zinthu zitatu.

Choyamba, werengani mtengo wonse musanagule. Walira mvula walira matope. Mtengo wolembedwa pa galasi ndi chiyambi chabe. Pali mafuta, ndipo mukumbukire kuti m'mwezi wa July chaka cha 2022 petulo ku Gauteng anapitirira R26 pa lita. Pali inshuwalansi, pali laisensi ya chaka ndi chaka, pali matayala, mabuleki ndi makaniko. Pa ngongole pali chiwongoladzanja, ndipo ngongole ikatalika chiwongoladzanja chimachuluka. Tiyerekeze kuti galimoto ndi ya R250,000 ndipo mwasiya magawo 30 pa 100 kuti mudzalipire kumapeto. Mutalipira mokhulupirika zaka zisanu ndi chimodzi, mudzafunikabe kupeza R75,000 nthawi imodzi, galimoto ili yakale kale. Ngati muli m'ngongole yotere ndipo mwayamba kulephera, musabisale ndipo musazimitse foni. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la chaka cha 2005, limafuna kuti wokongoza akulembereni chenjezo poyamba, ndipo sangalande galimoto popanda chilolezo cha khoti pokhapokha mutaipereka nokha. Limakupatsaninso mwayi wokaonana ndi mlangizi wa za ngongole wovomerezeka. Pitani msanga, madzi asanafike m'khosi.

Ndipo mukamagula galimoto yakale, samalani mapepala. Nambala ya injini ndi nambala ya galimoto zifanane ndi zimene zalembedwa pa chikalata cha umwini. Iyesedwe ngati ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndipo ilembetsedwe m'dzina lanu. Ife obwera timafunika nambala yapadera ya ku ofesi ya za pamsewu kuti tilembetse galimoto. Ambiri amaona kuti zimenezi n'zotopetsa, nalembetsa m'dzina la mnzao, ndipo pa tsiku la mkangano amataya galimoto ndi ubale womwe. Mukafuna kuwoloka nayo malire, mapepala omwewo ndiwo adzafunsidwa, ndipo ngati ili pa ngongole padzafunikanso kalata ya chilolezo yochokera ku banki. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, dzifunseni kuti galimotoyo mukugulira yani. Kumudzi kwathu lero misewu yadzaza ndi timagalimoto tochokera ku Japan, monga Vitz, Passo, Mira ndi Sienta, timene timadzera pa madoko a Dar es Salaam ndi Durban. Ena anatigula kuti tiwathandize pa ntchito ndi pa banja, ndipo akupindula. Enanso anagula kuti a m'mudzi aone kuti wa ku Joni wabwera, pamene ana ao akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu amene mukufuna kuwadabwitsa adzayang'ana mphindi imodzi n'kupitiriza ulendo wao, koma ngongole idzagona nanu m'nyumba usiku uliwonse. Galimoto ya Bambo inali yao kuyambira tsiku loyamba, chotero anali ndi ufulu wopita nayo kukapulumutsa m'bale, ndi ufulu woigulitsa pamene mwana anafuna sukulu. Galimoto ya m'bale wathu uja inali yokongola koposa, koma mwini wake weniweni anali wina.

Chachitatu tikulankhula ndi inu achinyamata. Mwina kwanu kuli galimoto yokalamba imene imafuna kukankha. Mwina kwanu kulibe galimoto konse, ndipo bambo anu amapita kuntchito pa njinga, kapena amayi anu amadzuka kusanache kukaima pa mzere. Anzanu akhoza kukusekani, ndipo tikudziwa kuti kusekedwa kumawawa. Koma anzathu amene ankatiseka aja, lero sitikudziwa n'komwe kumene ali, ndipo maina a ena tinawaiwala. Chimene sitinaiwale ndi nkhope ya Bambo pa galasi m'mawa wa mvula uja. Musachite nao manyazi makolo anu chifukwa cha zimene alibe. Yambani mwafunsa kuti chochepa chimene ali nachocho anachipeza bwanji.

Ndipo inu makolo, mwana akachita nanu manyazi, musataye mtima ndipo musathamangire kukatenga ngongole kuti mumusangalatse. Bambo athu sanatilalikire pa tsiku limenelo. Anangopitiriza kuchita zoyenera pamaso pathu, chaka ndi chaka, ndipo m'kupita kwa nthawi maso athu anatseguka. Mufotokozereni mwana mtengo wa zinthu. Mumuonetse lisiti la mafuta, mumutenge popita kwa makaniko, mumuphunzitse kusintha tayala. Lamulo limalola kuti ayambe kuphunzira kuyendetsa ali ndi zaka 17 ndi kutenga laisensi ali ndi zaka 18. Musamupatse makiyi nthawi isanakwane, ngakhale atachonderera chotani.

Bambo athu anabwerera ku Ntcheu ndipo tsopano ndi okalamba. Chaka chatha tinapita kukawaona, ndipo titakhala pakhonde madzulo, mkulu wathu anagwada pafupi nao nati, "Bambo, tsiku lija la mvula tinakulakwirani. Mutikhululukire." Panali patapita zaka zambiri, ndipo tinkaganiza kuti anaiwala. Iwo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndinkadziwa kuti mudzabwera nawo mawu amenewa. Ndinkangopempha kuti andipeze ndili moyo."

Mnzathu womvera, ngati pali munthu amene anakunyamulani pa njinga, pa msana, kapena pa kagalimoto kokankha, ndipo simunamuthokoze, musadikire zaka zimene ife tinadikira. Muimbireni foni lero lomwe. Ngati mukuganiza zogula galimoto, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu, mutenge pepala ndi cholembera, muwerenge zonse musanasaine. Ndipo mukakwera, mangani lamba, inu ndi ana omwe.